Ndinalowa Osaodira

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ndi mafoni. Ndili ndi kashopu ku Limbe, ndipo amene amandipeza ndi anthu a laputopu yokana kuyaka, foni yosweka galasi, kapena pasiwedi yoiwalika. Zachitetezo cha makompyuta sindinaziphunzire m'kalasi. Ndinaziphunzira usiku, bandulo ikatchipa, poonera mavidiyo pa YouTube ndi kuyeserera pa TryHackMe, kumene amakupatsa makina opangidwira dala kuti uwathyole. Pa laputopu yanga ndinaikapo Kali Linux, ndipo mtima unkalakalaka tsiku limene ndidzayese nzeru zangazo pa chinthu chenicheni. Tsikulo linafika mu 2024, ndipo linapweteka anthu amene sanandilakwire kanthu.

Mlongo wanga wamkulu ali ndi mwana wamkazi amene panthawiyo anali Fomu 3 pa sekondale ina yapulayiveti yogonera konko. Sukuluyo inali itangoyamba kumene kuika malipoti a ana pa intaneti. Kholo lililonse linapatsidwa nambala ndi pasiwedi kuti lizitha kuona malikisi a mwana komanso fizi yotsala popanda kukwera minibasi.

"Achimwene, tandisindikizireni lipoti la mwanayu, pafoni yangayi zilembo zikuchepa," anatero achemwali teremu itatha. Anandipatsa kapepala kamene analembapo pasiwedi. Ndinalowa, lipoti linatuluka, ndinasindikiza, iwo n'kumapita kukagula ndiwo. Koma maso anga anali atakodwa pa adiresi ya tsambalo, pamwamba paja. Kumapeto kwake kunali nambala. Ndinafufuta nambala yomalizira, n'kuikapo yotsatira yake, n'kudina.

Panatuluka mwana wina. Dzina lake, chithunzi, malikisi, ngongole ya fizi, nambala ya foni ya bambo ake, ndipo m'munsi kabokosi kamene a matroni amalembamo za umoyo wa mwana.

Vuto limeneli ndi lodziwika kwambiri kwa anthu a ntchitoyi. Amalitchula kuti IDOR. Pulogalamu imakufunsa pasiwedi polowa, ikakhutira kuti ndiwe kholo, basi, siifunsanso ngati mwana amene ukupempha lipoti lakeyo ndi wako. Bungwe la OWASP, limene limalemba mndandanda wa zofooka khumi zoopsa kwambiri za mawebusayiti, mu 2021 linaika zofooka za mtundu umenewu pa nambala yoyamba. Choncho sindinapeze chinthu chachilendo. Ndinapeza cholakwa chimene wolemba pulogalamu wofulumira, wolipidwa pang'ono, amachita kawirikawiri.

Apa ndi pamene ndinayenera kutseka laputopu, kudzuka m'mawa, kupita kwa ahedi ndi kuwauza pakamwa. Zonse zofunika ndinali nditazidziwa kale. Koma ndinadziuza kuti mwana mmodzi sangakhale umboni, kuti akuluakulu samvera mnyamata wokonza mafoni pokhapokha atawaonetsa chinthu chowanjenjemeretsa. Inalinso nthawi imene nkhani ya mapasipoti inali pakamwa pa aliyense. Dipatimenti yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko inali itasiya kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo, ndipo mu February chaka chimenecho Pulezidenti Lazarus Chakwera anali atauza aphungu a Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu alanda makinawo ndipo akufuna dipo. Ndinkamva nkhaniyo pa wayilesi mtima ukuwawa, n'kumati dziko lino likusowa anthu ngati ine. Maganizo amenewo ndi amene anandikhazikanso pampando.

Ndinalemba kapulogalamu kakafupi ka Python koti kazisintha nambala ija kokha ndi kusunga tsamba lililonse limene latuluka. Pasanathe nthawi yaitali laputopu yanga inali ndi malipoti a sukulu yonse, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Sindinakhutire. Ndinati ngati apa pali pobowoka, ndiye kuti pabowokanso pena, ndipo ndinatsegula pulogalamu yosanthula zofooka, ndikuilozetsa pa webusayiti ya sukuluyo, n'kukagona.

Pa makina oyeserera aja pulogalamu yotereyi siipweteka munthu. Pa makina enieni ndi nkhani ina. Imatumiza mafunso zikwizikwi pa nthawi yochepa, ndipo fomu iliyonse imene yaipeza imailemba zinthu zopanda tanthauzo n'kutumiza, kuti ione mmene makinawo ayankhire. Webusayiti ya sukuluyo inali pa seva yotsika mtengo imene sinapangidwire katundu wotero. Komanso inali ndi fomu ya munthu woiwala pasiwedi, yolumikizidwa ku makina otumiza mauthenga a pafoni. Usiku umenewo makolo ambiri anadzutsidwa ndi mauthenga owauza kuti pasiwedi yawo yasinthidwa. Mayunitsi a mauthenga amene sukulu inagula anatheratu. Pofika m'mawa tsambalo silinkatsekukanso, m'sabata yomwe makolo ankafuna kudziwa fizi yoti apereke sukulu isanatsegulire.

Ine zonsezi sindinkazidziwa. Ndinadzuka wosangalala, n'kulemba kalata ya pa imelo kwa ahedi. Ndinafotokoza vutolo mwaulemu, ndinaphatikizapo zithunzi za malipoti angapo kuti akhulupirire, ndipo kumapeto ndinalemba mawu awiri amene mpaka lero ndimawakumbukira mmene analili. Oyamba, akuti ndikhoza kuwakonzera ndipo za mtengo tikhoza kukambirana. Achiwiri, akuti ndi bwino achite changu zinthuzi zisanafike m'manja olakwika. Mumtima mwanga linali chenjezo la mnansi. Koma taganizirani munthu amene webusayiti yake yagwa usiku, makolo akumuimbira mokalipa, kenaka walandira kalata ya mlendo amene ali ndi zinsinsi za ana ake, akutchula ndalama ndi kumuuza kuti afulumire. Anaiwerenga ngati kalata yofuna dipo, ndipo sindingamudzudzule.

Amene anayamba kuitanidwa sindine. Seva imalemba m'kaundula wake aliyense wolowa, nthawi imene walowa ndi zonse zimene wapempha, ndipo kaundulayo ankasonyeza kuti malipoti onse anatengedwa ndi akaunti ya mlongo wanga. Anawaimbira foni kuti abwere kusukulu msanga pamodzi ndi mwana. Mayi amene sadziwa n'komwe kutumiza imelo anakhazikidwa pamaso pa akuluakulu a sukulu kuti afotokoze chifukwa chake anaba malipoti a ana a eni. Mwana anafunsidwa ngati anagulitsa pasiwedi kwa anyamata. Atatuluka muofesimo achemwali anandiimbira, mawu akunjenjemera.

"Achimwene, kapepala kaja munapatsa ndani?"

Ndinawauza zoona. Anakhala chete kwa kanthawi, n'kudula foni.

Apolisi anabwera kushopu masana, atavala zovala wamba. Anatenga laputopu, foni yanga, ndi zosungira zinthu zonse zimene zinali patebulo, kuphatikizapo hard drive ya kasitomala amene ndinkamupulumutsira zithunzi za ukwati. Kupolisi ndinayamba ndi mawu amene ndinkakhulupirira kuti andimasula.

"Bwana, ine ndimafuna kuwathandiza. Sindinabe kanthu, sindinasinthe malikisi a mwana aliyense."

Wapolisiyo sanakalipe. Anandifunsa funso limodzi lokha.

"Bambo, anakulolani ndani?"

Ndinayesa kufotokoza za IDOR, za kuopsa kwake, za achiwembu amene akanatha kupeza zomwezo. Analemba zonse m'sitetimenti, n'kubwereza funso lomwe lija. Ndinagona m'chitokosi, ndipo ndinatuluka pa belo amalume anga atabwera kuchokera kumudzi kudzandisainira.

Amalume sadziwa kompyuta, koma nkhaniyi anaimva mwamsanga kuposa ine. Tili m'minibasi anati: "Mphwanga, ukapeza nkhokwe ya mnzako chitseko chili pululu, umapita kukamuuza. Susenza matumba ake onse kupita nawo kwanu kuti akhulupirire kuti chitseko chinali chotsekula. Safunsa anadya phula."

Loya wina wa kumpingo kwathu anavomera kundiona popanda malipiro. Ananditsegulira lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, limene ndinali ndisanaliwerengepo ngakhale ndinkadzitcha munthu wa zachitetezo. Lamulolo limaletsa kufika pa zinthu zosungidwa m'kompyuta mwadala popanda chilolezo, ndipo pa mlandu wothyola makina limatchula chindapusa cha K5,000,000 ndi zaka 7 m'ndende. Ndinasakasaka pamene pakunena za munthu wa mtima wabwino, osapapeza. "Khothi likhoza kumva za cholinga chanu popereka chilango," anatero loyayo, "koma mlandu weniweniwo wagona pa chilolezo. Pasiwedi imene munali nayo inali ya lipoti la mwana mmodzi. Zina zonse munadzipatsa nokha." Anandiuzanso kuti lamulo lomwelo ndi limene linakhazikitsa nthambi ya Malawi CERT pansi pa MACRA, yoona za ziwembu za pa makompyuta, ndipo ngati ndinkaopa kuti ahedi sandimvera, ndikanatha kukanena kumeneko.

M'masabata odikirira, shopu ili yotseka chifukwa zida zinali kupolisi, ndinkabwereka foni ya mnzanga n'kumafufuza anthu ena amene zinawagwera ngati zangazi. Ndinkafuna wondipepesa, koma ambiri mwa iwo anangondisonyeza kukula kwa mlandu wanga.

Panali Daniel Cuthbert wa ku London, katswiri weniweni wa ntchitoyi. Pa 31 December 2004 anapereka mapaundi 30 pa webusayiti ya Disasters Emergency Committee yothandiza anthu okhudzidwa ndi tsunami. Ataona kuti sanalandire tsamba lotsimikizira, anaopa kuti wapereka kwa akuba, ndipo anayesa kulemba tizizindikiro tochepa pa adiresi kuti aone ngati tsambalo ndi lenileni. Sanalowe, sanatenge kanthu. Alamu inalira, anamangidwa, ndipo mu October 2005 khothi linamupeza wolakwa pansi pa lamulo la Computer Misuse Act la 1990. Analipira chindapusa cha mapaundi 400 ndi ena 600 a zolipira kukhothi, ntchito n'kumuthera. Nditawerenga ndinazizidwa. Munthu uyu anangogogoda kawiri. Ine ndinali nditanyamula sukulu yonse.

Amene ndinafanana naye kwambiri ndi Ahmed Al-Khabaz, wophunzira wa zaka 20 pa Dawson College ku Montreal. Mu 2012 anapeza pobowoka mu pulogalamu ya Omnivox, pamene pakanaonetsa zinsinsi za ophunzira oposa 250,000 a m'chigawo cha Quebec. Anakanena, ndipo anamuyamikira. Patangopita masiku awiri anatsegula pulogalamu yosanthula yotchedwa Acunetix kuti aone ngati akonzadi, osapempha aliyense. Koleji inamuchotsa sukulu. Ku Malta nako, mu 2022, ophunzira anayi a kuyunivesite analembera kampani ya FreeHour za chofooka chimene anapeza, n'kufunsanso ngati pangakhale mphotho. Apolisi anamanga atatu mwa iwo ndi kuwalanda makompyuta. Mawu a ndalama m'kalata yotere amasintha mmene mawu ena onse amamvekera.

Sindikunena kuti onse amene anavutitsidwa analakwa. Mu 2021 mtolankhani Josh Renaud wa nyuzipepala ya St. Louis Post-Dispatch anapeza kuti webusayiti ya boma la Missouri inkaonetsa manambala achinsinsi a aphunzitsi oposa 100,000 kwa aliyense woyang'ana zolembedwa kuseri kwa tsambalo. Anatsimikiza ndi aphunzitsi ochepa, anauza boma, ndipo nyuzipepala inadikira kuti akonze isanasindikize nkhaniyo. Komabe bwanamkubwa Mike Parson anamutcha wothyola makina n'kufuna kuti azengedwe mlandu, mpaka woimira boma pa milandu anakana mu February 2022. Kumeneko kunali kuzunza mthenga, ndipo n'kulakwa. Ngakhale chilolezo chenichenicho chimafuna kusamala. Mu September 2019 antchito awiri a kampani ya Coalfire anamangidwa usiku m'nyumba ya khothi ya Dallas County ku Iowa ali ndi kalata ya mgwirizano m'thumba. Anawatuma ndi akuluakulu a makhothi a boma la Iowa, koma mkulu wa apolisi wa deralo anati nyumbayo ndi ya khonsolo ya komweko, ndipo owatumawo analibe mphamvu pa iyo. Milandu inathetsedwa mu January 2020. Chilolezo chiyenera kuchokera kwa mwini weniweni, ndipo chinene poyambira ndi pothera.

Kwa nthawi ndithu ndinkadziika pambali pa Renaud. Ndinkati sukulu ndi imene inasiya zinsinsi za ana pambalambanda, ndiye bwanji wogona m'chitokosi akhale ine? Mbali ina ya dandaulo limeneli ndikuigwirabe. Chaka chomwecho cha 2024 dziko lino linakhala ndi lamulo la Data Protection Act, limene limapereka udindo woteteza zinsinsi za anthu kwa amene akuzisunga. Sukulu, chipatala kapena SACCO imene yagula pulogalamu yotchipa osaiyesa ili ndi mlandu wake, ndipo kumanga amene waona pobowoka sikutseka pobowokapo. Koma kudzimvera chisoni kwanga kunatha tsiku limene anatiitana kusukulu kukakambirana.

M'chipindamo munali ahedi, wapampando wa komiti ya makolo, mnyamata amene analemba pulogalamu ija, amalume, achemwali, ndi bambo wina wachikulire amene sindinkamudziwa. Ahedi anafotokoza kuti imelo yanga sinapite kwa iwo okha. Adiresi imene ndinatumizako inali ya ofesi yonse, ndipo ankaitsegula anthu angapo. Pa zithunzi zimene ndinaphatikiza, chimodzi chinali cha mtsikana wa Fomu 2, ndipo m'kabokosi ka a matroni munalembedwa kuti amamwa mankhwala otalikitsa moyo ndipo azipatsidwa chilolezo chopita kuchipatala. Ine sindinawerenge kabokosiko. Ndinangosankha malipoti ooneka bwino pa chithunzi. Nkhaniyo inatuluka muofesi, inafika kwa aphunzitsi, kenaka kuhositelo.

Bambo wachikulire uja anali bambo a mtsikanayo. Sanakweze mawu.

"Mwana wanga anabadwa nako," anatero. "Tinamulera osauza ngakhale azakhali ake. Tinauza a matroni okha chifukwa cha mankhwala. Inu bambo, mukuti mumafuna kuteteza ana. Mwana wangayu munamufunsa?"

Ndinagwada. Amalume anapepesa m'malo mwa banja lonse, monga mwa mwambo, koma panalibe mawu amene akanabweza zimene anzake a mtsikanayo anali atamva kale. Mpaka tsiku limenelo ndinkaona nkhani yonse ngati mkangano wa anthu awiri, ine ndi sukulu, wina wochenjera wina wosasamala. Ndinali nditaiwala kuti zimene zinali m'makinamo sizinali za sukulu. Zinali za ana ndi makolo awo, ndipo chimene ndinkaopa kuti achiwembu angadzachite tsiku lina, ndinachichita ine ndi manja anga. Ichi n'chifukwa chake akatswiri enieni, ngakhale ali ndi chilolezo cholembedwa, amaima akangotsimikiza kuti pabowoka, amayesera pa maakaunti awo omwe, amaphimba mayina pa zithunzi, ndipo amagwirizana ndi mwini makina za nthawi yoyesera ndi munthu womuimbira zinthu zikavuta. Malamulo amenewa ndinkawadumpha m'mavidiyo aja pothamangira pokoma.

Sukulu inavomera kuchotsa dandaulo lake kupolisi. Ndinalipira mauthenga amene anatha ndi ntchito yodzutsa webusayiti, ndalama zimene ndinachita kukongola. Laputopu inabwera atafufuta zonse, ine ndikuona. Kasitomala wa zithunzi za ukwati analandira hard drive yake mochedwa ndipo sanabwerenso. Mnyamata wolemba pulogalamu anakonza vutolo m'maola ochepa, koma sukulu inathetsa mgwirizano wake. Mwana wa achemwali anamaliza teremu anzake akumuloza zala, ndipo chaka chotsatira anasamukira kusukulu ina. Mtsikana wa Fomu 2 uja makolo ake anamuchotsa nthawi yomweyo. Achemwali timalankhulana, timakumana pamaliro ndi paukwati, koma zikalata zawo amakasindikiza kwina.

Ntchito yachitetezo sindinaisiye. Panopa ndimayesa makina a anthu ochepa amene amandiitana okha, ndipo sindiyatsa laputopu ndisanagwire kalata yosainidwa ndi mwini wake, yonena adiresi zoti ndiyese, masiku ake, ndi zimene sindiyenera kukhudza. Ndikafuna kusewera ndi luso, ndimapita ku HackerOne kapena Bugcrowd, kumene makampani amalemba okha poyera zimene akulola kuti ziyesedwe ndi mphotho imene amapereka. Ngakhale unduna wa zachitetezo wa ku America unayamba kuchita zimenezi mu 2016 ndi pulogalamu ya Hack the Pentagon. Mu May 2022 unduna wa zachilungamo wa dzikolo unalengeza kuti sudzazenga mlandu ofufuza zachitetezo amene akuchita mokhulupirika, ndipo Belgium mu 2023 inakhazikitsa lamulo loteteza munthu wopeza chofooka, bola asapitirire pofunikira, asafune phindu mokakamiza, ndipo anene msanga kwa mwini ndi ku bungwe la boma loona za nkhanizi. Malamulo amenewa, ngakhale akanakhalapo kuno, sakanandipulumutsa ine, poti ndinapitirira. Koma akanateteza mnyamata wina amene waona lipoti la mwana wa eni mwangozi ndipo akufuna kunena popanda kuopa chitokosi.

Anyamata oterewa alipo ambiri m'makoleji athu ndi m'mashopu ngati yangayi, ndipo ambiri amene ndalankhula nawo akuti akaona pobowoka amangotseka tsamba n'kukhala chete. Inu ahedi, inu mamanejala a ma SACCO ndi zipatala, inu amene mukusunga mayina, matenda ndi ngongole za anthu m'makompyuta, lembani pa webusayiti yanu adiresi imodzi yolandirira nkhani zotere, yowerengedwa ndi munthu mmodzi wodalirika, ndipo nenani poyera kuti amene wakuuzani mwaulemu osatenga kanthu simudzamutengera kupolisi. Ndipo amene anakulemberani pulogalamu muitaneni sabata ino, alowe ndi akaunti ya kholo limodzi inu mukuona, ayese kutsegula lipoti la mwana wina.